Mtsikana wa pa rota yanga wazilala chiyambireni mdima uno, ndigawireni nzeru

Anaphiri, Leeds: Anzanga oyendera okalamba m'makomo kuno ku UK, mwaswera bwanji. Pa kampani yathu rota, ndandanda ya maola a ntchito, ndimalemba ndine. Ndili ndi mtsikana wakwathu, dzina ndisunga, uno ndi winta wake woyamba. Nthawi yotentha ija anali munthu wansangala, agogo onse ankachita kumuitanitsa. Chiyambireni Novembala wachedwa kanayi, waiwala kawiri kusaina pepala la mankhwala, ndipo dzulo mnzake anamupeza akulira pa siteji ya basi. Ndikamufunsa amangoti ndili bwino aunt. Amanejala akuti ndimulembere chenjezo. Dzanja langa likukana, koma nkhani ya mankhwala si yoseweretsa. Ndipange bwanji?

Bambo a Tadala, Coventry: Mayi, tonse tinadutsamo. Ine winta woyamba ndinkagona ndi jekete ndi masokosi awiri, koma kuntchito sindinachedwepo. Ana a masiku ano mtima ngwa mpachika. Mumuuze alimbe, azipemphera, pofika Malichi adzakhala atazolowera.

Nangozo, Manchester: Bambo a Tadala, inu munabwera ndi amayi akunyumba ndi ana, mukaweruka munkapeza nsima yotentha ndi phokoso la pakhomo. Kuyambira Malichi 2024 obwera pa viza ya ntchito yathuyi saloledwa kubweretsa banja. Ameneyu akaweruka amakalowa m'chipinda chozizira chopanda womulonjera. Si zofanana ayi. Anaphiri, tiuzeni kaye rota yake ikuyenda bwanji.

Anaphiri, Leeds: Amayamba 7 koloko m'mawa mpaka cha m'ma 2 masana, kenako 4 koloko mpaka 10 usiku. Masiku asanu, nthawi zina asanu ndi limodzi akapempha yekha. Alibe galimoto, amayenda pa basi.

Nangozo, Manchester: Ndiye mukufunanso mfiti ina? Werengani nokha. Kuweruka 10 usiku n'kuyamba 7 m'mawa ndi maola 9. Lamulo la maola a ntchito, lija la 1998, limati pakati pa tsiku ndi tsiku munthu apume maola 11 otsatizana. Lili ndi mipata yake pa ntchito zogawika pakati ngati zathuzi, koma ngakhale pamenepo mpumulowo umayenera kubwezedwa. Chotsanipo basi yopita ndi yobwera, kuphika, kusamba, kuchapa yunifomu. Akugona maola asanu kapena osakwana. Munthu wotero akaiwala kusaina, mlandu ndi wa iye yekha?

Chachiwiri ndi dzuwa. Kwanu ku Leeds mu Disembala kumacha itadutsa 8 koloko, ndipo 4 koloko isanakwane lalowa kale. Iye amatuluka kuli mdima, maola a pakati aja amathera m'basi kapena kuwodzera m'chipinda chotseka makatani, n'kubwerera kuli mdima. Ife tinakulira kumene tsiku ndi usiku zimakhala pafupifupi zofanana chaka chonse. Ngakhale Juni wa ku Dedza, kuzizira kwake konse kuja, pofika 10 koloko anthu amakhala ali pakhonde kuwothera dzuwa. Thupi limadabwa. Azungu eni akenso zimawagwira, anachita kuzipatsa dzina loti SAD, kukhumudwa kobwera ndi nyengo ya mdima: tulo tosatha, ulesi wosadziwika, kulakalaka zotsekemera, misozi yopanda chifukwa.

Sisita wa ku Luton: Ine ndine namwino, ndiwonjezereko za thupi. A NHS, bungwe la zaumoyo la boma kuno, amalangiza aliyense kumwa vitamini D, mamaikulogalamu 10 patsiku, kuyambira Okutobala mpaka Malichi, chifukwa dzuwa la kuno nthawi imeneyi silikwanira kuti khungu lipange yake. Ife akhungu lakuda amati tiganizire zomwa chaka chonse. Ndi wotchipa, ku famase kapena m'supamaketi. Koma musamusandutse mankhwala a chilichonse. Mtsikana wotopa chonchi apite kwa GP, dokotala wa m'dera lake, akamuyeze magazi, mwina ndi ochepa, mwinanso ndi chithokomiro. Ndipo mufunseni ngati analembetsa n'komwe kwa GP. Ambiri amatha chaka asanalembetse, poganiza kuti pakufunika ndalama. Palibe cholipira. Katemera wa fuluu nayenso kwa ife osamalira anthu sayenera kutuluka m'thumba mwathu, funsani ku ofesi kuti akonza bwanji.

Chinanso, mufunseni za hita. Anthu athu amazimitsa kuti ndalama ya gasi ipite kumudzi, n'kumayanika zovala zonyowa m'chipinda chomwecho mpaka khoma kuchita nkhungu, kenako chifuwa chosatha. Chipinda chokhalamo chisamatsike madigiri 18. Ndipo chonde, wina asayerekeze kuyatsa makala a kanyenya m'nyumba kuti awothe ngati mbaula. Mpweya wake sununkha, umangokugonetsa osadzukanso.

Bambo a Tadala, Coventry: Za mavitamini ndamva, asisita. Koma pepala la mankhwala lija lisatayike m'nkhaniyi. Agogo akamwa kawiri chifukwa wina sanasaine, a CQC, bungwe loyendera makampani osamalira anthu, sadzafunsa kuti dzuwa linalowa nthawi yanji.

Nangozo, Manchester: Pamenepo ndiye mwanena zoona. Cholakwacho chilembedwe monga mwa dongosolo, awonedwenso ngati akutsata bwino kaperekedwe ka mankhwala. Koma kulemba zomwe zachitika ndi china, chenjezo ndi china. Anaphiri, munthu amene viza yake ili m'manja mwa kampani akalandira kalata yotero amaona ngati tikiti yobwerera. Kuyambira tsiku limenelo sadzakuuzaninso kuti wadwala, azidzabwera ndi malungo ake kudzatsokomolera agogo. Kwa amanejala musapite ndi chisoni chokha, pitani ndi rota m'manja, muwaonetse maola 9 aja. Amanejala amamva msanga akaona kuti pepala likuloza iwo.

Mayi a mapasa, Glasgow: Kuno ndiye mdima wake musanene. Langizo langa ndi la kafunsidwe. "Uli bwanji" sayankhidwa zoona ndi mwana woleredwa bwino, makamaka kwa munthu amene amamulembera maola. Mutulutseni mu ofesi. Mutengeni pa galimoto, anthu amamasuka akakhala kuti sakuyang'anizana. Mufunse zinthu zogwirika: wadya chiyani dzulo, wagona nthawi yanji, kumudzi walankhula nawo liti. Akatchula zoti moyo watopa nawo, musachite mantha kumufunsa mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzivulaza. Kufunsa sikumuika maganizowo. Nambala ya Samaritans, omwe amamvetsera anthu osweka mtima pa foni, ndi 116 123, yaulere, usana ndi usiku. Kwanu ku England angathenso kudzilembetsa yekha ku NHS Talking Therapies, kolandirira uphungu wa maganizo, osadzera kwa GP. Ngati zafika poopsa, ndi 999 basi, nambala ya zangozi.

Ife tinayambitsanso mphika wa Lamulungu, amene sali pa shifiti amaphika nyemba ndi nsima, ena amadzera pobwera. Kutchalitchi n'kwabwino, bambo a Tadala, koma rota ikamugwira Lamulungu lililonse apitako liti?

Anaphiri, Leeds: Ndabweranso. Ndinamutenga pa galimoto Lachitatu monga munanenera, mayi a mapasa. Tinayima pa malo oimika magalimoto pafupifupi ola lathunthu. Hita amayatsa mphindi 30 zokha patsiku, kwa GP sanalembetse, zonsezo munalondola. Koma chimene chinamugwetsa misozi ndi china, ndipo ine sindinachiganizireko. Ali ndi mwana wa zaka zinayi kwa agogo ake ku Ntcheu. Kale ankamuimbira ali pa basi ya m'mawa, mwana asanatuluke. Mawotchi atabwezedwa kumapeto kwa Okutobala, kusiyana ndi kumudzi kunakhala maola awiri m'malo mwa limodzi. M'mawa agogo amakhala atapita kale kumunda ndi foni, poti ndi dzinja. Akaweruka 10 usiku, kwawo ndi pakati pa usiku. Watha masabata atatu osamva mawu a mwana wake.

Amanejala avomera kuti chenjezo liyembekeze. Ndamuchotsa pa maulendo ogoneka agogo masiku atatu pa sabata, aziweruka 6 koloko, ndipo akaweruka usiku, mawa lake aziyamba 9 koloko m'mawa. Lolemba ndimuperekeza kukalembetsa kwa GP. Vuto latsala ndi lakuti maola ake atsika, ndiye akudandaula za ndalama ya feteleza yomwe analonjeza kumudzi. Komanso maulendo ausiku atatu aja ndilibe wowatenga, sabata ino ndikuyenda ndekha.

Bambo a Tadala, Coventry: Za mawotchizo sindinaziganize, ndavomera. Anaphiri, ndiye inuyo mukuweruka 10 usiku n'kudzuka nthawi yanji?

Anaphiri, Leeds: Musandifunse zimenezo bambo. Alipo amene akudziwa dalaivala wofuna maola a madzulo kuno ku Leeds?