Tizule kalongonda kapena tiyambe tayeza madzi?

Wapampando: Moni nonse abale. Mbande za mango, mapeyala ndi malalanje m'munda wa gulu uja zagwira bwino, koma tagawikana pa mbewu zophimba nthaka zimene tidabzala pakati pa mizere. Ena akuti kalongonda ndi nkhungudzu zikulanda mitengo madzi, ena akuti zikusunga chinyezi. Tiyeni tikambirane.

Mkulu wa komiti ya munda: Bambo wapampando, ine ndidafikako. Pa peyala la kumapeto kwa mzere kalongonda wayanga mpaka kunsonga, kamtengo kachita kuwerama. Chomera chilichonse chamoyo chimamwa madzi, ndipo mizu ya mtengo wa chaka chimodzi ikadali pamwamba pomwe pali mizu ya kalongondayo. Tizule basi.

Mlangizi wopuma: Achimwene, za kuyanga mwanena zoona, ndipo zimenezo sizidikira msonkhano. Tilambule mozungulira tsinde lililonse, pafupifupi mita imodzi. Koma za madzi tisafulumire. Madzi amachoka m'munda m'njira zingapo: ena amatuluka kudzera m'masamba a mtengo, ena m'masamba a mbewu zophimbazo, ena amauma ndi dzuwa pa dothi, ena amathamanga pamwamba kapena kulowa pansi kupitirira mizu. Mtengo waung'ono uli ndi masamba ochepa ndipo mthunzi wake ndi wochepanso, choncho mukathirira pa dothi lapambalambanda, madzi ambiri amapita ndi dzuwa mtengo usanawapeze. Kalongonda amamwadi, sindikukana. Koma amatchinganso dothi, amathandiza mvula kulowa pansi, ndiponso amaonjezera nayitirojeni. Chimene sitikudziwa pa dothi lathuli n'chakuti akumwa ochuluka bwanji poyerekeza ndi amene akupulumutsa. Maso okha sangatiuze.

Msungichuma: Bambo mlangizi, ndamva. Nkhawa yanga ndi thumba. Ndidamvapo za tizipangizo tobaya pa tsinde toyeza madzi okwera mu mtengo. Zimenezo gulu silingakwanitse.

Mlangizi wopuma: Mayi, izo n'za ochita kafukufuku, ndipo pa tsinde lowonda ngati chala n'zovutanso kuika. Ife tikufuna choyezera mvula, sikelo yabwino ndi ndowa yodziwika malita ake. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, ndiye lita imodzi. Tikalemba mvula ndi ndowa zothirira, tadziwa madzi olowa.

Kenako tigawe mitengo ya mtundu umodzi ndi msinkhu umodzi patatu: ina pa dothi lopalira, ina pakati pa mbewu zophimba zamoyo, ina pomwe tazitchetcha n'kuziyala pansi. Gawo lililonse likhale ndi mitengo ingapo, chifukwa umodzi wokha ukhoza kukhala pachulu n'kutisocheretsa. Madzi tizithira ofanana. Sabata iliyonse tizitapa dothi pa masentimita 20 ndi 50 kuya kwake, tiliyeze, tiliumitse, tiliyezenso. Kulemera kumene kwachoka ndiwo madzi amene analimo. Ku labu amaumitsa pa madigiri 105 kwa maola 24. Pa dzuwa silingaume chimodzimodzi, koma tikamachita mofanana pa magawo onse tiona kusiyana. Tikadzapeza mpata tidzagule tensiometer, kachubu kokhala ndi madzi kamene kamaonetsa mphamvu imene mizu ikufunika kuti ikoke madzi m'dothi.

Mlembi: Funso langa, bambo. Dothi likauma, tidziwa bwanji kuti wamwa ndi mtengo osati kalongonda?

Mlangizi wopuma: Mwafunsa bwino mwanawe. Tengani mbande yotsala ku nazale, ikhale mu ndowa yake. Ithirireni, madzi akasiya kudontha mukulunge dothi lonse ndi pulasitiki, masamba okha akhale panja. Yezani m'mawa, mudzayezenso mawa lake nthawi yomweyo. Kilogalamu imodzi ikachoka, mtengo watulutsa lita imodzi. Mtengo wa mu ndowa sufanana ndendende ndi wa m'munda, koma utipatsa poyambira.

Mkulu wa komiti ya munda: Ndavomera kuyeza, koma mundimvetse. Nthawi ya dzinja madzi ndi ambiri, palibe mkangano. Vuto ndi chilimwe, pomwe dontho lililonse timachita kutunga. Tisadikire manambala mitengo ikufota. Mvula ikangosiya, titchetche munda wonse, tingosiya mizere ya kuyezayo.

Mlangizi wopuma: Pamenepo tagwirizana achimwene. Zotchetchazo zisakhudze tsinde poyala, kuopa chiswe ndi kuola kwa khungwa. Tiziyezanso kunenepa kwa tsinde ndi chingwe pamalo amodzimodzi mwezi ndi mwezi, chifukwa chimene tikufuna ndi mtengo wokula.

Msungichuma: Sikelo ndili nayo ya kukhitchini, yowerenga magalamu. Ndibwereketsa. Koma kope likhale ndi munthu mmodzi wokhala pafupi ndi munda, asamalembe aliyense.

Wapampando: Zikomo nonse. Loweruka tilambula mozungulira mitengo ndi kuika zikhomo pa magawo atatuwo. Alembi, tipezereni achinyamata awiri oti bambo mlangizi awaphunzitse katapidwe ka dothi.