Intaneti ikugwira pa kompyuta yanga yokha, laputopu ya mwana ikukana. Thandizeni

Membala wobisa dzina
Moni nonse a m'gulu muno. Ndabisa dzina poti mwina funsoli ndi lachibwana, koma lero ndi tsiku lachinayi ndikungozungulira pamodzimodzi.

Ndimakhala pa boma pa Dedza, ndimatayipa ndi kusindikiza makalata kunyumba konkuno. Kompyuta yanga ya pa tebulo ili ndi Windows 10, ndipo ndinabayapo modemu ya simu khadi. Kuchoka pa kompyutayo pali chingwe chopita ku karauta kakale kamene anandipatsa alamu anga. Karautako ndi kamene kamagawira WiFi ku laputopu ya mwana wanga wamkazi ndi mafoni athu. Anatilumikizira chaka chatha ndi mnyamata wa achimwene anga, ndipo zinkayenda bwino, mpaka mtsikanayu ankasindikiza pa pulinta yanga iye ali kuchipinda atafunda bulangete, poti kuzizira kwa kuno mukukudziwa. Mnyamatayo pano ali pa mayeso ku Mzuzu, foni anazimitsa.

Loweruka magetsi anathima. Chiyakireni, kompyuta yanga intaneti ikutsegula bwinobwino, koma laputopu ikulumikizika ku WiFi n'kumangoti palibe intaneti. Mafoni chimodzimodzi. Chondizunguza mutu n'chakuti Lolemba m'mawa laputopu inagwira mpaka masana, kenako inasiyanso yokha. Ndazimitsa n'kuyatsa zonse, ndagula chingwe chatsopano, palibe chasintha. Mwana ali ndi ntchito ya kusukulu yoti atumize Lachisanu. Kodi karautaka kapsa?

Wamalonda wa pa Chimbiya
Mayi bandulo yatha basi, onani balansi.

Membala wobisa dzina
Bambo, ikanatha bwenzi yanganso ikukana. Panopa ndikulemba pa kompyuta yomweyo.

Mnyamata wa mafoni pa Lizulu
Onaninso kuti modemu sinadumphire netiweki ya ku Mozambique. Kuno ku Lizulu ungowoloka msewu wa M1 foni yayamba kale kukulandira ku dziko la eni. Anthu amabwera nazo tsiku ndi tsiku akuti foni yawonongeka.

Mphunzitsi wa makompyuta ku Ntcheu
Achimwene a pa Lizulu, zimenezo zimachitikadi, ngakhale pa Biriwiri apa, koma apa sizikukhudza. Modemu ndi imodzi, ndipo mayiwa akuti kompyuta imene yabayidwa modemuyo ikutsegula. Ndiye vuto lili pakati pa kompyuta ndi laputopu, osati kunja.

Mayi, musagulenso kanthu. Pa laputopu dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani cmd, ndipo pa bolodi lakuda litulukelo lembani ipconfig. Mutiuze manambala a pa mzere wa IPv4 Address ndi a pa Default Gateway. Mutiuzenso ngati pali china chilichonse chinasintha Loweruka lija, ngakhale chooneka chopanda pake.

Membala wobisa dzina
Mwana walemba. IPv4 ndi 192.168.0.103, gateway ndi 192.168.0.1. Chosintha china ndi dzina la WiFi. Kale linali dzina la bizinesi yanga, pano likubwera la zilembo ndi manambala, lofanana ndi lolembedwa kunsi kwa karauta. Ndimayesa ndi mmene zimakhalira magetsi akathima.

Mphunzitsi wa makompyuta ku Ntcheu
Eya, mbava yagwidwa pamenepo. Karauta sikanapse, kanangobwerera mmene kanachokera ku fakitale. Kuthima kwa magetsi kokha nthawi zambiri sikuchita zimenezo, kawirikawiri pamakhala wina amene wabaya kabowo kolembedwa Reset kumbuyo.

Nkhani ili chonchi. Kompyuta ikamagawa intaneti kudzera mu Internet Connection Sharing, imadzipatsa adiresi 192.168.137.1 ku mbali ya chingwe, ndipo aliyense wolumikizika imamupatsa nambala yoyamba ndi 192.168.137. Ntchito yogawa manambalayi ndi imene imatchedwa DHCP. Mnyamata wanu uja anali atazimitsa DHCP ya mu karauta kuti wogawa akhale mmodzi. Atabaya Reset, DHCP ya karauta inadzukanso. Pano m'nyumba mwanu muli mafumu awiri ogawa malo m'mudzi umodzi. Laputopu ikapempha adiresi, amene wayamba kuyankha ndi amene imamumvera. Akayamba karauta, laputopu ikuuzidwa kuti khomo lotulukira ndi 192.168.0.1, pomwe karautako pakokha kalibe intaneti. Lolemba lija inangochita mwayi, kompyuta yanu ndi imene inayamba kuyankha.

Mayi wa ku Bembeke
Ine ndikungowerenga, manambalawa andipweteketsa mutu ngati masamu a Fomu 4. Bwanji osangoyatsa hotspot pa foni n'kupuma?

Mnyamata wa mafoni pa Lizulu
Njira yachidule ilipo. Chotsani chingwe pa mabowo anayi a LAN a pa karauta, muchibaye pa bowo lapalokha lolembedwa WAN, nthawi zambiri limakhala la mtundu wina. Karauta katenga intaneti ku kompyuta n'kugawira onse. Mphindi ziwiri zatha.

Mphunzitsi wa makompyuta ku Ntcheu
Zoona, intaneti ibwera, ndipo ngati Lachisanu lakuthinani chitani zimenezo kaye mwana atumize ntchito yake. Koma laputopu ndi kompyuta zikhala m'mabwalo awiri osiyana, wina 192.168.0 wina 192.168.137, ndiye pulinta ija siioneka mosavuta kuchokera kuchipinda. Mayiwa pulinta ndi munda wawo. Ya hotspot nayo ndi yomweyo, kuphatikiza foni kutentha tsiku lonse ili pa chaja.

Kukonza kwenikweni ndi uku. Chingwe chikhale pa LAN pomwepo. Pa laputopu, idakali ndi nambala ya 192.168.0 ija, tsegulani Chrome mulembe 192.168.0.1. Dzina ndi pasiwedi zolowera zili pa pepala lomata kunsi kwa karauta. Choyamba sinthani adiresi ya karauta ikhale 192.168.137.250. Musadumphe pamenepa, chifukwa mukayamba n'kuzimitsa DHCP mudzavutika kulowanso. Kazima n'kuyakanso kokha. Lowaninso pogwiritsa nambala yatsopanoyo, pezani DHCP Server muizimitse, musunge. Pomaliza pa laputopu lembani ipconfig /release kenako ipconfig /renew. Gateway ikuyenera kuoneka 192.168.137.1.

Mukaona nambala yoyamba ndi 169.254, ndiye kuti palibe amene wayankha. Zikatero pitani pa kompyuta yanu, pa Properties ya modemu, tsamba la Sharing, chotsani kachizindikiro kochonga, sungani, n'kukabwezeranso. Kuyesa, lembani ping 192.168.137.1 kenako ping 8.8.8.8. Zonse zikayankha koma masamba osatseguka, mubwere tikambe za DNS, imene imasandutsa maina a masamba kukhala manambala.

Wamalonda wa pa Chimbiya
Ndiye ikani pasiwedi yolimba pa WiFi. Ine anyamata a pafupi anandidyera bandulo ya mwezi isanathe sabata, ndimangoona atakhala pa khonde langa ngati akuwothera dzuwa.

Mphunzitsi wa makompyuta ku Ntcheu
Pamenepo mwanena zoona bambo. Chinanso chodya bandulo mwakachetechete ndi ma update. Pa laputopu lowani pa WiFi yanuyo muyatse Metered connection. Ndipo mayi, dziwani kuti Windows 10 a Microsoft anasiya kuipatsa ma update aulere a chitetezo pa 14 October 2025. Si za lero, koma poti ndi kompyuta imene yayang'anizana ndi intaneti m'malo mwa nyumba yonse, muziganizire mukagulitsa kachewere.

Membala wobisa dzina
Zatheka! Tinasokonezeka pang'ono karauta katazima, mwana anali akulembabe nambala yakale, koma tinawerenganso zimene munalemba. Gateway ikuonetsa 192.168.137.1, laputopu ndi mafoni onse akutsegula. Aphunzitsi, Mulungu akudalitseni, mukadzadutsa pa Dedza tiyi alipo.

Wobaya Reset wapezekanso. Ndi bambo a m'nyumba muno. Akuti magetsi atayaka anaona timagetsi ta karauta tikuphethira, ndiye anatenga phini wanga wa pa chitenje n'kubaya kabowo kaja kuti kadzuke msanga. Masiku anayi onsewa amangondithandiza kudandaula, chingwe chatsopano chija anakagula ndi iwo omwe.

Chatsala ndi pulinta, laputopu siikuionabe.

Mphunzitsi wa makompyuta ku Ntcheu
Poti dzina la WiFi ndi latsopano, laputopu yaitenga ngati netiweki ya pagulu ndipo yadzibisa. Pa Properties ya WiFi sinthani kuchoka pa Public kupita pa Private, muonenso kuti File and printer sharing ndi yoyatsa mbali zonse ziwiri. Kabowo ka Reset kaja matanipo selotepi.