Ndayamba kuphunzitsa ku Tete, chilankhulo chikundivuta

Mphunzitsi wa ku Bangula:

Abale anga a m'Chigwa, ndigawireni nzeru. Nditamaliza maphunziro a uphunzitsi ndinakhala zaka ziwiri pakhomo, ndikuthandiza amayi kudimba. Mu February ndinapeza ntchito yophunzitsa Chingerezi pa sukulu ina yapulaiveti ku Tete. Ponyamuka mtima unali m'malo. Chisena ndinayamwira, Chinyungwe ndi mbale wake, ndipo dzuwa la ku Tete silingaopse munthu wokulira ku Bangula. Kumsika zinalidi choncho, amayi ogulitsa usipa timamvana bwinobwino.

Vuto lili kusukulu. Misonkhano ya aphunzitsi, makalata, zolemba pakhoma, zonse ndi Chipwitikizi. Ndimakhala pakona phee, anzanga akugwirizana zinthu zomwe mawa ndiyenera kuchita ineyo. Mayeso oyamba ndinachonga pa 100 ngati kwathu, mkulu woona za maphunziro n'kundibwezera mapepala onse kuti kuno amachonga pa 20. Ndinachezera usiku wonse ndikuwakonza.

Chomwe chikundisowetsa tulo kwambiri ndi ana. Ndikafotokoza m'Chingerezi chokhachokha amangondiyang'ana. Chipwitikizi ndilibe. Ndikuopa kuti ndikangotulutsa Chisena m'kalasi adzandipeputsa, komanso akuluakulu a sukulu adzati sanandilembere zimenezo. Ana mpaka pano sadziwa n'komwe kuti akamanong'onezana ndimamva zambiri. Ndidzibisabe kapena ndiulule? Amene munaphunzitsako kutsidya, munkatani?

Agogo a ku Tengani:

Mwana wanga, nkhani yakoyi yandikumbutsa kale. Ine ndinapuma pa ntchito, koma ndinali m'kalasi nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, anthu akuwoloka malire usiku ndi mitolo pamutu kudzakhala kuno ku Nsanje. Mtendere unabwera mu 1992, koma zisanatero tinalandira ana ambiri a kutsidya. Ena anali atafika kale kalasi lachinayi kwawo, akudziwa kuwerenga m'Chipwitikizi, koma kuno ankaoneka ngati mbuli chifukwa Chichewa cha m'buku ndi Chingerezi zinali zachilendo kwa iwo.

Ndikukumbukira mnyamata wina wamtali yemwe anakhala mwezi wathunthu osatsegula pakamwa. Tsiku lina ndinawerama pa desiki yake n'kumufunsa m'Chisena ngati wadya. Anandiyang'ana misozi ili lengelenge, n'kuyankha. Kuyambira pamenepo ndi amene ankathamangira kukafufuta pabolodi, ndipo masamu ankawaposa onse. Sanandipeputse ayi. Mwana amapeputsa mphunzitsi wobwera mochedwa, wosakonzeka, wokondera. Wolankhula chilankhulo cha amayi ake samupeputsa.

Tsono iwe lero ndiwe mnyamata uja, wakhala pakona. Usadikire kuti wina awerame pa desiki yako, yamba ndiwe. Koma usachite mwakabisira. Pita kwa mkulu uja umuuze kuti pa mawu ovuta ufuna uziponyako Chinyungwe pang'ono, umve chomwe anene.

Mayi a ku Nchalo okhala ku Beira:

Agogo anena zoona, koma ine ndisiyaneko nawo pang'ono. Achimwene, ana a m'tauni, makamaka a pa sukulu zolipira, ambiri amakula ndi Chipwitikizi m'nyumba. Anga omwe kuno Chisena amangomva, kuyankha amayankha m'Chipwitikizi. Ndiye Chisena chidzakutsegulirani mitima ya ena, koma si onse. Chipwitikizi simungachithawe.

Musachiope. Ine ndinafika kuno ndikungodziwa "bom dia" ndi "obrigada". Pezani mphunzitsi mnzanu wofuna Chingerezi, alipo ambiri, muzisinthana: theka la ola inu, theka la ola iye, tsiku lililonse mukaweruka. Yambani ndi mawu a ntchito yanu. Pauta ndi pepala la magiredi. Negativa ndi giredi yosafika 10, ndipo kholo likamva kuti mwana watenga negativa limabwera ndithu kudzafunsa, choncho sungani mapepala a mayeso onse. Encarregado de educação ndi kholo kapena womuyang'anira mwana. Mawu oterewa mukawadziwa makumi atatu okha, msonkhano umayamba kumveka.

China, ngati anzanu amavala bata, chijasi choyera chija, sokani yanu sabata ino. Ana kuno amazindikira mphunzitsi ndi bata. Ndipo pa 12 October, tsiku la aphunzitsi, musakhale kunyumba. Sonkhani nawo, mukadye nawo. Ubwenzi wambiri umayambira pamenepo.

Wa ku Marka:

Za m'kalasi sindidziwa, ndimangoyenda za malonda kudutsa pa Marka ndi Vila Nova. Funso langa ndi la mapepala. Aphunzitsi, muli ndi chilolezo chogwira ntchito, kapena mwangolowa ndi chidindo cha paboda? Ife a m'malire tinazolowera kuwoloka ngati tikupita kwa amalume, koma ntchito yolembedwa ndi nkhani ina. Afunseni akuluakulu a sukulu za kontirakiti yolembedwa komanso za DIRE, chiphaso cha alendo okhala m'dzikomo. Ziphaso zanu zenizeni musasiyire munthu, perekani zofotokopa.

Mphunzitsi wa ku Bangula:

Takhuta, zikomo nonse. A ku Marka, kontirakiti ndinasaina ndipo za chilolezo sukulu inayamba kuyendetsa, koma ndinalibe pepala losonyeza zimenezo m'thumba. Ndapempha, andipatsa Lachisanu.

Agogo, ndinachita monga munanenera. Mkulu uja anadabwa kumva kuti ndimalankhula Chisena, kenaka anandiuza kuti amayi ake ndi a ku Mutarara. Tinacheza za mlatho wa Dona Ana ndi za madzi osefukira a Freddy mu 2023, omwe anavutitsa abale ake monga anavutitsira athu. Wandilola kumasulira mawu ovuta, bola phunziro lonse likhale la Chingerezi.

Dzulo ndinkaphunzitsa mawu a pamtsinje. Nditalemba "canoe" pabolodi onse anali duu. Ndinati "mwadiya", kalasi lonse linaphulika, ena kuseka, ena kufunsana kuti aphunzitsiwa ndi a kuti. Mayi a ku Beira munanena zoona, atsikana awiri a kutsogolo sanamve, mpaka mnzawo anawauza kuti "canoa". Mawuwo ndinawalemba atatu onse pabolodi, ndipo lachitatulo ndinalikopera m'kope langa.

Telala wayeza kale bata. Chatsala ndi holide: kuno chaka cha sukulu chimatha kumapeto kwa chaka, pomwe kwathu mlongo wanga amatsekera mu July, ndiye tidzaonana pa Khirisimasi. Amene mwadutsa posachedwa pa Zóbuè ndi Mwanza, minibasi yochokera ku Tete ikumafika nthawi yoti munthu n'kupezanso ya ku Nsanje tsiku lomwelo, kapena ndikonzekere kugona ku Blantyre?