Mbewa za mu labu ndi shuga wa bambo anga

Wa ku Bvumbwe:
Abale, thandizeni. Bambo anga akumwa metformin, mankhwala a matenda a shuga, chaka chachinayi tsopano. Nsima adachepetsa, ndipo munthu woti adakalambira kothyola tiyi, lero tiyiyo akumwa wopanda shuga. Dzulo mdzukulu wawaonetsa pafoni kuti akatswiri akumatontholetsa jini (kachidutswa ka malangizo a chibadwa) mu mbewa, minofu n'kuyamba kumvera insulin, homoni yotsitsa shuga m'magazi. Bambo akuti mbewa amazidziwa zili pampani basi, komabe ndifunse: mankhwalawo afika liti kuno?

Mphunzitsi wa Biology, Luchenza:
Achimwene, nkhaniyo ndi yoona, koma ikadali mu labu. Tikadya, shuga wambiri wa m'magazi amalowa m'minofu. Insulin ikagogoda pa selo, puloteni yonyamula shuga yotchedwa GLUT4 imabwera pakhomo kudzalowetsa shugayo. Ndiye pali puloteni ina, PTP1B, yomwe ntchito yake ndi kuzimitsa uthenga wa insulin. Mu 1999 ku Montreal adachotsa jini yake mu mbewa: zidamvera insulin bwino, ndipo sizidanenepe kwenikweni ngakhale ankazidyetsa zamafuta. Kumeneko kudali kuchotseratu, mbewa zimabadwa zilibe jiniyo. Kutontholetsa n'kwina. Jini imakhalapo, koma tizidutswa ta RNA (chinthu chofanana ndi DNA) timaononga uthenga wake usanasanduke puloteni. Andrew Fire ndi Craig Mello adazipeza mu 1998 pa tinyongolotsi, n'kulandira Nobel mu 2006.

Namwino wa ku Chitakale:
Aphunzitsi mwasiya povuta penipeni. RNA yoteroyo ikalowa m'magazi imakathera kuchiwindi, kuminofu imafika movutikira. N'chifukwa chake patisiran, mankhwala oyamba a mtunduwu omwe adavomerezedwa mu 2018, amagwira ntchito m'chiwindi, ndipo si a shuga ayi. Poyesa mu labu, khoswe amamubaya RNA mu mnofu wa mwendo umodzi, n'kupititsapo timagetsi kuti ilowe m'maselo, mwendo winawo n'kuusiya kuti ayerekezere. Nanga munthu wamkulu mungamubaye mnofu uliwonse? Bambo asasiye metformin, chonde. Muwauzenso kuti mnofu ukamagwira ntchito umabweretsa GLUT4 pakhomo pa selo wokha, osadikira insulin.

Wa ku Bvumbwe:
Zikomo aphunzitsi, zikomo anamwino. Ndawawerengera zonse. Za khoswe wa magetsi aseka mpaka kutsokomola. Koma pa mawu omalizawo andiyang'ana, akuti ndiye tiwabwezere khasu lawo lomwe tidawabisira poopa kuti afooka. Mayi akana kunena pomwe adaliika.