Kodi "chakudza sichiimba ng'oma" ungafanizidwe ndi kubweranso kwa Ambuye?

Mwana wa Kwaya: Akuluakulu, ndithandizeni. Lamulungu lapitali abusa ankalalikira za tsiku lomaliza, ndipo anamangirira ulaliki wawo ndi mwambi woti "chakudza sichiimba ng'oma". Nditawafotokozera azakhali anapukusa mutu, akuti mwambiwu ndi wa tsoka, matenda kaya maliro, sungauike pa Yesu. Akutinso Iye adzabwera ndi lipenga, ndiye tinganene bwanji kuti sadzaimba ng'oma? Zoona ndi ziti?

Wopuma Pantchito: Azakhali anuwo akunena zoona, mwanawe. Malemu agogo anga ankaunena akapeza tagona chitseko chili pululu. Ankadzuka pakati pa usiku, n'kukokera mpiringidzo, mawuwo ali pakamwa. Chakudzacho ndi choipa basi. Ife a Adventist timagwira 1 Atesalonika 4:16, pamene pali mfuu, mawu a mngelo wamkulu ndi lipenga, komanso Chivumbulutso 1:7, pakuti diso lililonse lidzamuona. Zachinsinsi palibe.

Nachisale: Bambo, anga agogo ankaunenanso akatulukira mlendo amene amupukwa kwa zaka. Ankathamangira kukamulandira katundu uku akuunena, misozi ili m'maso. Werenganinso mutu wotsatira, 1 Atesalonika 5:2, tsikulo lidzafika ngati mbala usiku. Mwambiwu ukukamba za nthawi yosadziwika, sukukamba za phokoso ayi. Kwathu ku Katolika mawu oterewa timawamva kwambiri poyamba nyengo ya Advent, yokonzekera Khirisimasi, ndipo ansembe sawerengera zaka, amangoti khalani maso. Zaka 1,000 za pa Chivumbulutso 20, Augustine, mphunzitsi wakale wa Mpingo, anaziona ngati nthawi ya Mpingo, imene tilimoyi.

Wopuma Pantchito: Amayi, tsikirani pa 5:4. Mbala ija ndi ya anthu amene ali mumdima, osati abale. Ndiye mfundo yanga ili pomwepo: mwambiwu ndi wa tsoka, ndipo tsoka ndi la ogona.

Kadzidzi: Ku mpingo wathu wa Pentekosite zonse ziwiri zimakwana. Poyamba mkwatulo, mwakachetechete, wina kutengedwa wina kusiyidwa. Kenako chisautso cha zaka 7, ndiyeno kubwera koonekera kwa onse. Abusa aja sanalakwe.

Wophunzira Zaumulungu: Achimwene, chiphunzitso chogawa kubwerako pawiri chinafala ndi mlaliki John Nelson Darby m'zaka za m'ma 1830, sichakalekale monga ambiri aganizira. Palinso ena amene amati tiyambe tafunsa kuti Yohane, ali pa chilumba cha Patmos, ankalembera yani buku la Chivumbulutso. Ankalembera mipingo 7 ya ku Asia imene inali pansi pa ulamuliro wa Rome. Akatswiri ambiri amati 666, nambala ya chilombo ya pa Chivumbulutso 13, ndi dzina la mfumu Nero likawerengedwa m'zilembo za Chiheberi, ndipo mbali ina ya Mateyu 24 amailoza pa kugwa kwa Jerusalem m'chaka cha 70. Kulalikira kotere kumalimbitsa mitima ya ozunzika m'malo moopseza. Chimene chimandipweteka ine ndi anthu oikira Mulungu tsiku. Otsatira a William Miller, mlaliki wa ku America, powerengera Danieli 8:14, anadikira kubwera kwa Yesu pa 22 October 1844, kunja n'kucha bwinobwino. Ambiri anasweka mtima, ena chikhulupiriro chinathera pomwepo. Pamenepo mwambiwu ukanawathandiza.

Wopuma Pantchito: Mbiri imeneyo timaidziwa, mpingo wathu unachokera momwemo, ndipo tsiku sitiika. Koma zizindikiro zilipo, nkhondo, zivomezi, miliri. Imeneyo si ng'oma? Chinthu chimene chalengezedwa kale simungachinenere mwambi umenewu. Agogo anga sakanavomera.

Nachisale: Agogo anu ndi anga sanaphunzire kwa munthu mmodzi, bambo.

Wopuma Pantchito: Mwina. Koma vuto lalikulu ndi ana a masiku ano. Mdzukulu wanga anamva ngati ndati "chakudya", n'kundifunsa kuti chakudya chingaimbe bwanji. Ena pa WhatsApp akulemba "ngoma" osaika kachizindikiro kaja, osadziwa kuti ngoma ndi nyama ya m'tchire. Omwewonso chilichonse chatsopano pa foni akuti ndi chilemba cha chilombo, pamene mutu 13 wa Chivumbulutso sanauwerengepo mpaka kumapeto.

Kadzidzi: Musawanene onse, ena timawerenga.

Mwana wa Kwaya: Zikomo nonse. Koma Lachinayi ndikakumana ndi azakhali ndikawauze kuti chiyani?