Sitovu yagalasi yachita mabanga, ndiiyeretse bwanji osaikanda?

Funso

Abale, ndithandizeni nzeru. Pa sitovu yamagetsi yagalasi pachita banga lakuda lozungulira pomwe panasefukira mkaka, ndipo sopo wotsukira mbale walephera. Palinso mizere yotuwa ngati siliva. Kodi galasi lakandika? Chinanso, pophikira pamafiira kenako n'kuzima pokha chakudya chili pamoto. Ndiye kuti yawonongeka?

Yankho loyamba

Steel wool ndi ufa wokwechera mapoto zisayandikire galasilo. Dikirani lizizire mpaka chilembo cha H, chosonyeza kuti pakadali potentha, chizime. Sakanizani masupuni atatu a soda wophikira ndi supuni imodzi ya madzi, pakani phalalo pabangapo, muvundikire ndi kansalu konyowa ndi madzi ofunda kwa mphindi 15. Zikafewa, tengani chopalira cha lezala chopangidwira sitovu zagalasi, muchigoneke pafupifupi madigiri 30, n'kumakankha pang'onopang'ono chopita kutsogolo. Lezala likhale latsopano, chifukwa lobenthuka ndi limene limakanda. Mukatha pukutani ndi nsalu yonyowa, kenako youma. Sopo kapena soda wotsalira amapserera mukayatsanso, banga n'kubwerera.

Yankho lachiwiri

Mizereyo idutsitseni chikhadabo. Ngati sichikukodwa, galasi lili bwino: ndi aluminiyamu kapena kopa amene wapalika pansi pa poto. Amachoka ndi mankhwala opaka oyeretsera sitovu zagalasi, koma musazengereze, pakuti akatenthedwa kangapo amakanirira. Kukandika kwenikweni kumabwera ndi timibulu ta mchere kapena mchenga tikakhala pansi pa poto inu n'kuikoka. Muzipukuta kunsi kwa poto musanatereke, ndipo muziinyamula, osaikhwekhwereza.

Za kufiira n'kuzimazo musade nkhawa, ndimo imagwirira ntchito kuti kutentha kusapitirire muyezo. Zimachuluka poto ikakhala yopindika pansi, popeza sikhudza galasi ponseponse. Igadamitseni, muike rula kunsiko. Mpata ukaoneka waukulu, potoyo si yapamenepa. Ikhalenso yofanana kukula ndi bwalo lophikirapo. Galasi limasunga kutentha, choncho mutha kuzimitsa kutatsala mphindi 5 mpaka 10, chakudya chimapsa ndithu.

Yankho lachitatu

Ndiwonjezere pa zija zodikira kuti lizizire: shuga ndi pulasitiki zokha sizidikiridwa. Shuga wosungunuka, jamu kapena pulasitiki zikagwera pamalo otentha, zimitsani, valani gulovu yoteteza ku kutentha, mupale nthawi yomweyo n'kukankhira mbali yozizira. Shuga akazizira pomwepo amamatirira zolimba, ndipo amatha kubenthula galasi n'kusiya timaenje tosakonzeka. Madontho oyera a madzi amene aumira, vinega pang'ono pakansalu amachotsa.

Koma mukadzaona mng'alu, ngakhale waung'ono ngati tsitsi, zimitsani pa swichi ya pakhoma ndipo musaphikirepo. Madzi amatha kulowa pamenepo n'kufika ku mawaya, munthu n'kugwidwa ndi magetsi. Itanani wamagetsi adzasinthe galasi lonse.