Madontho ofiirira pa malaya oyera a sukulu akana kuchoka ndi Jik

Mayi wa ku Area 25 analemba kuti:

Ndikupempha nzeru kwa amene amadziwa bwino za kuchapa. Mwana wanga ali ndi malaya oyera awiri a yunifolomu, ndipo sabata yatha, nditaanula amodzi pa waya, ndinapeza madontho ofiirira pamapewa ndi pafupi ndi kolala. Poganiza kuti ndi katondo wa pabwalo la sukulu, popeza nyengo ino ya fumbi ana amabwera atafiira ndi mutu womwe, ndinawanyika usiku wonse m'beseni la madzi othira Jik. Kutacha ndinapeza madontho aja akuonekera kuposa kale, ndipo nsalu yonse yayamba kuoneka yachikasu. Madzi ndinatunga pachitsime cha aneba chifukwa tsiku limenelo pampopi panali pouma. Malaya achiwiriwo ali ndi inki pathumba komanso magazi a kamfuno pachifuwa, ndipo sindinawakhudze poopa kuwawononganso. Ndichite chiyani ndi zinthu zopezeka m'nyumba kuti ndisagule yunifolomu ina pakati pa teremu?

Mphunzitsi wopuma wa ku Area 47 anayankha kuti:

Mayi, malinga ndi momwe mwafotokozera, madontho amenewo si katondo koma dzimbiri, ndipo gwero lake ndi waya woyanikira uja, chifukwa mapewa ndi kolala ndiwo malo amene amagona pa waya malaya akayanikidwa. Jik amayeretsa pophwanya utoto wa zinthu monga tiyi, zipatso kapena nguwi, koma dzimbiri ndi chitsulo, ndipo chitsulo chikakumana ndi kolorini amene ali mu Jik chimangokhazikika kwambiri pa nsalu. Madzi a m'zitsime zina ndi m'mijigo ina amakhalanso ndi chitsulo chosungunuka chimene maso sachiona, ndipo mukathiramo Jik chitsulocho chimasanduka dzimbiri losalala limene limamatirira pa chovala chonse. N'kutheka kuti chikasu mukuchionacho chachokera pamenepo.

Dzimbiri limagonja ndi zinthu zowawasa. Choyamba tsukuluzani malayawo m'madzi a pampopi katatu kapena kanayi mpaka fungo la Jik litatheratu. Kenako finyirani madzi a mandimu pa dontho lililonse, wazanipo mchere wa pakhitchini, ndipo muwagoneke pa udzu kapena pa nsalu ina yoyera padzuwa kwa ola limodzi, mukumawonjezera mandimu pamene pakuuma. Mukatero chapani ndi sopo monga mwa masiku onse. Dontho lokhalitsa limafuna kubwereza kawiri kapena katatu. Za chikasu chija, nyikani malayawo m'madzi ofunda momwe mwathiramo kapu imodzi ya viniga woyera, kwa theka la ola.

Ndatsindika za kutsukuluza pa chifukwa chachikulu. Jik akasakanikirana ndi viniga, mandimu kapena mankhwala ena otsukira chimbudzi, amatulutsa mpweya wa kolorini umene umawotcha maso ndi mapapo, ndipo m'bafa lotseka munthu akhoza kubanika nawo. Akasakanikirana ndi amoniya, amene amapezeka m'mankhwala ena otsukira m'nyumba, amatulutsanso mpweya wina woopsa chimodzimodzi. Jik azikhala yekha ndi madzi ozizira basi, ndiponso pamalo popita mphepo.

Mayi wochapira anthu zovala ku Kawale anayankha kuti:

Aphunzitsi anena zoona za waya, ndipo ine ndinasiya kalekale kuyanika zoyera pa waya kapena pa mpanda wa malata. Ndimagwiritsa ntchito chingwe cha nayiloni. Ndiyankhepo za malaya achiwiriwo, mayi mnzanga, chifukwa mwachita bwino kusawathamangira.

Magazi safuna madzi otentha ngakhale pang'ono, chifukwa kutentha kumawaphika monga momwe dzira limalimbira mu poto, ndipo akaphikika m'kati mwa ulusi satulukanso. Anyikeni m'madzi ozizira othira mchere kwa maola awiri kapena atatu, kenako pakanipo sopo wamtanda ndi kufikisa nsalu yokhayokha pang'onopang'ono. Akakanirira chifukwa choti auma kwa masiku, pitani ku famase mukagule mankhwala amadzi otchedwa hydrogen peroxide a 3 peresenti, mudonthezepo pang'ono. Mudzaona pakutuluka thovu, ndipo thovulo likatha mutsukuluze ndi madzi ozizira.

Inki ya cholembera imasungunuka ndi sipiriti, osati ndi madzi. Ikani kansalu kakale koyera pansi pa thumbalo, nyowetsani thonje ndi sipiriti woyera, ndipo muzidinda pa donthopo osati kupukuta, chifukwa kupukuta kumamwaza inki ponseponse. Inki izitsikira pa kansalu ka pansi kaja, ndipo kakada musinthe mbali. Sipiriti wa utoto wapepo uja musamuyese pa nsalu yoyera, chifukwa akhoza kusiyapo mtundu wake. Sanitaiza wa m'manja amathandizanso ngati sipiriti palibe.

Popeza munatchula katondo, ndinene kuti matope ofiira a kuno ku Lilongwe sachapidwa akadali aawisi. Alekeni aume, muwakunthe kapena kuwapalasa ndi bulashi, kenako munyike chovalacho m'madzi ozizira a sopo waufa. Mafuta a ndiwo kapena a mandasi ndimawathira ufa woyera kapena choko chopera kuti chiyambe chamwa mafutawo, kenako ndimapakapo sopo wamadzi wotsukira mbale ndi kuchapa ndi madzi ofunda. Chimene chimandigonjetsa ine ndi utomoni wa nthochi, umene suoneka tsiku loyamba koma umadzatulukira chovala chitachapidwa kale, uli bii.

Koposa zonse, musasite malaya amenewa mpaka mutaona padzuwa kuti dontho lachokeratu. Simbi yotentha imakhomerera dontho lililonse, ndipo zovala zambiri zimene anthu amandibweretsera atalephera nazo zimakhala kuti zinasitidwa kale.

Bambo wogulitsa kaunjika ku msika wa Tsoka anayankha kuti:

Ine ndikusiyana pang'ono ndi aphunzitsi pa nkhani ya chikasu, ngakhale kuti zimene anena zikhoza kukhala zoona. Malaya ambiri a yunifolomu si a thonje lokhalokha, amasakaniza ndi poliyesita, ndipo nsalu zoterezi zikagona mu Jik usiku wonse zimatha kupsa ndi kusanduka zachikasu ngakhale madzi atakhala a pampopi. Chikasu cha chitsulo chimachoka ndi viniga, koma chikasu cha kupsa sichibwerera. Choncho, mayi, yesani viniga uja, koma akakana musapitirize kuzunza nsalu ndi mankhwala ena. Jik amafuna kusungunulidwa m'madzi ambiri monga momwe alembera pa botolo, chovala chisanalowemo, ndipo mphindi 5 mpaka 10 zimakwana.

Pa ntchito yanga ndinazolowera kuyang'ana kansalu kamene amasokerera kukhosi kapena m'mbali mwa chovala. Chizindikiro cha makona atatu chopanda kanthu m'kati chimatanthauza kuti mankhwala oyeretsa aliwonse ndi ololedwa. Chikakhala ndi mizere iwiri yopendekeka, ololedwa ndi opanda kolorini okha, monga Vanish. Chikakhala chothethedwa ndi mtanda, musayese n'komwe. Ubweya, silika ndi nsalu zotamuka siziyanjana ndi Jik. Mandimu ndi dzuwa nazonso zimasulutsa chitenje kapena chovala chamtundu, ndiye pa zoterezi yambani mwayesa m'kati mwa mpendero, pomwe anthu saona.

Mayi wa ku Area 25 anabweranso kuti:

Zikomo kwambiri nonsenu. Ndinakayang'ana waya uja ndipo ndinapezadi kuti wachita dzimbiri pakati pomwe ndimayanika zoyera, moti ndamuchotsa ndi kumangapo chingwe. Madontho a pamapewa achoka nditabwereza mandimu ndi mchere kawiri, magazi achoka ndi madzi a mchere okha, ndipo inki yatsala kachizindikiro kochepa kwambiri. Chikasu chachepako ndi viniga koma sichinatheretu, makamaka pa kolala, ndiye zikuoneka kuti aphunzitsi ndi bambo a ku Tsoka onse analondola. Malaya amenewo azivala pansi pa juzi masiku ozizira, ndipo enawo avala lero.